Lipoti la vuto la x-ray yofooka pa makina a pulsed power

Lipotili likunena za vuto limodzi lomwe linatizunguza mutu kwa nyengo ndithu pa makina a pulsed power amene ndimagwirapo ntchito. X-ray yochokera ku plazima ya aluminiyamu (plazima ndi gasi wotentha kwambiri moti maatomu ake amataya maelekitironi) inayamba kutuluka yofooka, lero chonchi mawa chonchi, pamene choyezera karenti chomwe tinkachidalira chinkaonetsa kuti makina akupereka zonse zimene amapereka masiku onse. Ndiyamba ndi mmene makina otere amatenthetsera zinthu, chifukwa yankho la vutoli silingamveke kwa munthu amene sanaione njira yonse imene magetsi amadutsa asanafike pa timawaya ta aluminiyamu timene timasanduka plazimayo.

Makina ndi lodi yake

Makina onse a pulsed power, aakulu ndi aang'ono omwe, amasonkhanitsa magetsi modekha kenako n'kuwatulutsa onse pakanthawi kochepa zedi, pa malo ochepa zedi. Odziwika kwambiri ndi makina otchedwa Z a ku Sandia National Laboratories, mumzinda wa Albuquerque ku New Mexico, m'dziko la America. Makapasita ake, zida zosungira magetsi, amasunga ma joule pafupifupi 20 miliyoni. Mukawerengera m'mayunitsi a magetsi, sakwana ngakhale 6. Koma mphamvu yochepa imeneyi ikafinyidwa kuti ituluke m'mananosekondi pafupifupi 100, karenti imafika ma ampea 26 miliyoni. Nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi.

Kufinyako kumachitika m'masitepe. Loyamba ndi jenereta ya Marx, imene Erwin Marx wa ku Germany anaifotokoza mu 1924. Makapasita amadzazidwa magetsi onse pamodzi pa voteji yofanana, ndiyeno maswichi akatsekeka amalumikizana mondondozana, voteji ya aliyense n'kuwonjezera pa ya mnzake. Z ili ndi majenereta a Marx 36, iliyonse ya makapasita 60, omizidwa m'mafuta a thiransifoma, ndipo voteji yotuluka imafika mavoti mamiliyoni angapo. Vuto la Marx n'lakuti ndi yochedwa. Imatenga pafupifupi maikorosekondi imodzi, yomwe ndi mananosekondi 1,000, kuti ikhuthule magetsi ake, zomwe kwa ife ndi nthawi yaitali. N'chifukwa chake magetsiwo amayamba atsanulidwa m'makapasita a madzi oyera kwambiri, ochotsedwa mchere wonse. Pa voteji yofanana ndi malo ofanana, madzi amasunga magetsi kuposa mpweya ka 80, pamene mafuta amasunga kuposa mpweya kawiri ndi pang'ono chabe. Kuchokera apo swichi ya gasi wa SF6, yomwe pa Z imayatsidwa ndi leza, imatsegulira magetsi njira yopita ku mizere ina ya madzi yomwe imafupikitsanso nthawi. Malamulo ambiri a kuchuluka kwa voteji imene madzi ndi mafuta angapirire asanabooledwe ndi sipaki anachokera ku gulu la J. C. Martin ku Aldermaston, ku Britain, m'zaka za m'ma 1960, ndipo mpaka pano timawagwiritsabe ntchito. Pomaliza magetsi amadutsa khoma la pulasitiki lolekanitsa madzi ndi vakyumu, malo ochotsedwa mpweya, n'kuyenda pakati pa zitsulo ziwiri zoyang'anizana, kathodi ndi anodi, mpaka pakati penipeni pamene pali lodi, chinthu chimene magetsi onsewo amathiridwamo.

Makina athu ndi a dongosolo lomweli koma ndi aang'ono, a gulu la ma ampea pafupifupi 1 miliyoni lomwe limapezeka m'mayunivesite. M'gulu limeneli muli MAGPIE ya ku Imperial College ku London, ya ma ampea 1.4 miliyoni m'mananosekondi 240, ndi COBRA ya ku Cornell University, ya ma ampea 1 miliyoni m'mananosekondi 100.

Lodi yathu inali timawaya ta aluminiyamu, towonda kuposa tsitsi la munthu, toimikidwa mozungulira kupanga silinda ya mamilimita 16 m'mimba mwake ndi masentimita 2 msinkhu wake. Kumanga lodi yotere ndi ntchito ya manja ndi mpweya wa m'mphuno. Kawaya kalikonse umakagwira ndi kachitsulo kopanira, kukalowetsa m'kamzera ka pa kathodi ndi ka pa anodi, n'kukapachika kolemera kakang'ono kunsi kuti kakhale kowongoka. Ukapumira pafupi kamagwedezeka, ukakoka pang'ono kaduka, ndipo nthawi zambiri sukaona n'komwe mpaka kuwala kwa tochi kutagwera mopendekera.

Karenti zoyenda mbali imodzi zimakokana. Ndi mfundo yonse ya Z-pinch, njira yofinya plazima ndi maginito a karenti yodutsa mwa iyo yomwe. Mu 1905 Pollock ndi Barraclough ku Australia anafotokoza za paipi ya kopa yomwe inaphwanyikira mkati mphezi itadutsamo, ndipo anaonetsa kuti chinaiphwanya ndi maginito obwera ndi karenti ya mpheziyo. Pa lodi yathu, ma ampea 1 miliyoni pa mtunda wa mamilimita 8 kuchokera pakati amapanga maginito a ma tesla 25 (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), omwe amakankha ndi mphamvu yoposa ya mpweya wotizungulirawu ka 2,500 kapena kuyandikira apo. Silinda ikamachepa maginito amakula, ndipo kukankhako kumakula mowirikiza: mtunda ukatsika ndi theka, kukankha kumakwera kanayi.

Timawaya sitinyamuka nthawi yomweyo. Poyamba kalikonse kamatentha, kusungunuka, n'kufufuma, ndipo kunja kwake kumabadwa plazima yopepuka yomwe imalanda karenti yambiri, pamene mtima wa kawayako umatsala wozizirirapo ndi wolemera. Maginito amasesa plazima yakunjayo kupita nayo pakati, ina n'kubadwa, nayonso n'kusesedwa. Gulu la Sergey Lebedev pa MAGPIE ndi limene linaonetsa zimenezi momveka bwino ndi zithunzi za leza: plazima ya aluminiyamu imathamangira pakati pa liwiro la makilomita pafupifupi 150 pa sekondi, koma mitima ya timawaya imakhala pamalo pake kwa nthawi yoposa theka la nthawi yonse. Mitimayo ikayamba kutha ndi kuduka malo ena, m'pamene karenti imanyamuka n'kugwera mkati, ikukokolola plazima yonse yomwe inatsogola.

Kutentha kumachokera pa kuwombana. Ayoni ya aluminiyamu, kutanthauza atomu yomwe yataya maelekitironi ena, yothamanga makilomita 300 pa sekondi imakhala ndi mphamvu pafupifupi 12,600 eV, ndipo eV imodzi ikufanana ndi madigiri pafupifupi 11,600. Maayoni ochokera mbali zonse akakumana pakati amaima mwadzidzidzi, liwiro lawo n'kusanduka kutentha. Kutenthako amagawana ndi maelekitironi, omwe amayamba kugunda maatomu n'kuwavula maelekitironi ena. Aluminiyamu ili ndi maelekitironi 13. Plazima ikatentha mokwanira amavulidwa 11 kapena 12, ndipo awiri kapena mmodzi wotsalayo akadumphira mmwamba n'kubwerera amatulutsa x-ray ya pafupifupi 1.6 keV ndi 1.7 keV (keV imodzi ndi 1,000 eV). Imeneyi ndi x-ray ya K-shell, ndipo ndi imene tinkaifuna. Kuti ituluke yamphamvu, zinthu ziwiri ziyenera kuchitika: plazima yambiri ifike pakati nthawi imodzi, ndipo karenti ikhale ikuikankhabe mpaka itafika.

Mfundo yoyambayo inatsimikizika mu 1995 pa makina a Saturn ku Sandia, pamene gulu la Tom Sanford linachulukitsa timawaya ta aluminiyamu mpaka 192. Mipata ya pakati pa timawaya itachepa kufika pa milimita imodzi ndi theka kapena kucheperapo, x-ray inatuluka m'kanthawi kafupi kwambiri ndipo inafika ma terawati 40 (terawati imodzi ndi mawati 1 thiriliyoni). Pa Z, ndi timawaya ta tungsten mazana awiri ndi kuposerapo, anafika pa ma terawati pafupifupi 200, kenako pafupifupi 280 ataika silinda ina mkati mwa inzake. Kwa mananosekondi ochepa, zimenezi zimaposa magetsi a dziko lonse lapansi ka makumi angapo. Mfundo yachiwiri ija, ya karenti, ndi imene lipotili likukamba.

Zimene tinaona

Tili ndi zoyezera x-ray zamitundu itatu. PCD ndi kachidutswa ka dayamondi komwe kamalola magetsi kudutsa x-ray ikakagunda, ndipo timakabisa kuseri kwa fyuluta ya beryllium kuti kaone x-ray yolimba yokha ya K-shell. Bolomita ndi kachitsulo kopyapyala komwe kamatentha ndi kuwala konse, kotero kamatiuza kuchuluka kwa mphamvu yonse yotuluka. Chachitatu ndi kamera ya kabowo kakang'ono, yomwe imajambula maonekedwe a plazima ili pakati.

Shoti ndi kuwombera makina kamodzi. Pa shoti yabwino, mzere wa PCD pa osiloskopu, chida chojambula chizindikiro cha magetsi motsatira nthawi, umakwera mwadzidzidzi, kufika pansonga imodzi, n'kutsika. Mu nyengo ya vutoli nsongayo inafupika n'kutambasuka, ndipo pa mashoti ena inkagawika pawiri. Chodabwitsa chinali chakuti bolomita sinatsike kwambiri ngati PCD. Kuwala konse kunalipo ndithu, koma gawo lotentha kwambiri ndi limene linasowa. Zithunzi za kamera zinkaonetsa plazima yonenepa, ya madontho owala apa ndi apo, nthawi zina yowala mbali ya kathodi yokha. Koilo ya Rogowski, choyezera karenti chomwe tinkachidalira chija, yomwe ili pafupi ndi khoma la pulasitiki lija, inkapereka nsonga ya karenti yofanana ndi ya kale.

Kufufuza

Tinayambira kumbuyo, monga mwa chizolowezi. Maswichi a gasi akakalamba amatsekeka mosiyana nthawi, ndipo mizere ya magetsi ikafika mosiyana ngakhale ndi mananosekondi makumi ochepa, karenti imakwera mozengereza. Zoyezera voteji za mzere uliwonse zinaonetsa kuti yonse ikufika pamodzi. Madzi nawo analibe mlandu. Madzi oyera kotheratu, a 18 megaohm-sentimita pa muyeso wa mmene amakanira magetsi kudutsa, amasunga magetsi kwa mamaikorosekondi opitirira 100 asanawataye okha, ndipo ngakhale atatsika kufika pa 1 megaohm-sentimita amasungabe kwa mamaikorosekondi 7. Athu anali pamwamba bwino, ndipo tinayang'ana thovu lokakamira kunsi kwa zitsulo osalipeza.

Kenako tinakayikira zoyezera zomwezo, ndipo pano tinapeza kanthu. Shoti iliyonse imamwaza nthunzi ya aluminiyamu ndi tizidutswa ta chitsulo m'chipinda chonse cha vakyumu. Fyuluta ya PCD inali itachita chifunga chotuwa. Aluminiyamu wozizira amameza kwambiri x-ray yoposa 1.56 keV, ndipo mizere yathu iwiri ya x-ray, ya 1.6 keV ndi 1.7 keV ija, ili pamwamba pang'ono pa malire amenewa, ndiye kansalu kochepa chabe ka aluminiyamu pa fyuluta kamadya gawo looneka la chizindikiro. Tinaika fyuluta yatsopano, manja ali m'magolovesi chifukwa fumbi la beryllium ndi poizoni ku mapapo. Chizindikiro chinakwerako, koma kutambasuka ndi kugawika kuja sikunachoke. Fyuluta yakuda ingafupikitse nsonga, koma singaigawe pawiri.

Apa mnzanga woona za magetsi anapempha kuti tiwombere pa chitsulo chochindikala m'malo mwa timawaya, kuti tione ngati makina akufikitsa karenti pakati. Tinatero, titaika kakoilo koyezera, kotchedwa B-dot, pafupi ndi chitsulocho. Choyezera chakumbuyo ndi chapakati zinagwirizana. Ambiri m'gulu lathu anaona kuti nkhani ya makina yatha, vuto lili pa timawaya basi. Ine sindinakhutire, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza posachedwa, koma timawaya tinali toyenera kutiunika ndithu.

Zithunzi za leza zojambulidwa kumayambiriro kwa karenti zinaonetsa kuti timawaya sitinkafufuma mofanana. Tina tinali titanenepa kale pamene tina tinali towondabe, ndipo pafupi ndi kathodi pankaoneka plazima msanga. Aluminiyamu amakhala ndi khungu la okusaidi lomwe sililola magetsi kudutsa. Kawaya kongotsamira pa chitsulo ndi kulemera kwa kolemera kakang'ono kamakhudza pa timalo tochepa, ndipo voteji ikafika pamabuka kasipaki. Kasipakiko kamabala plazima ndi kuwala komwe kumathandiza karenti kuthawira kunja kwa kawaya msanga, mtima wake usanalandire kutentha kokwanira. Palinso kavoteji kotsogola, komwe kamadontha kudutsa m'maswichi pamene mizere ya madzi ikudzazidwa, karenti yeniyeni isanabwere. Kavotejika kakapeza timawaya tokhudza mosiyana, tina timayamba ulendo tisanayenere. Tinakwecha timizera ta pa kathodi ndi anodi, n'kupanikiza timawaya ndi kachidutswa ka indium, chitsulo chofewa chomwe chimadzaza mipata. Zithunzi zoyambirira zinakongola, timawaya tonse tinayamba kufufuma pamodzi, ndipo kuwala kwa mbali imodzi kuja kunachepa. Komabe mashoti ena ankatulukabe ofooka, ngakhale lodi itamangidwa mosamala chotani.

Mpata wa mu vakyumu

Chimene chinandiletsa kukhutira ndi shoti ya pa chitsulo chochindikala n'chakuti chitsulo sichisuntha. Lodi yosasuntha siifunsa makina funso limene timawaya timafunsa. Silinda ya karenti ikamachepa, indakitansi yake, muyeso wa mmene njira ya magetsi imakanira kusintha kwa karenti, imakwera, ndipo kukwerako kumabweza voteji kwa makina ngati kuti pabwera chotchinga chatsopano. Masamu ake ndi afupi. Pa lodi ya masentimita 2, indakitansi ndi ma nanohenry 4 kuchulukitsa ndi logarithm ya mtunda wa chitsulo chobwezera karenti pogawa ndi mtunda wa plazima. Plazima ikakhala pa milimita imodzi kuchokera pakati, ikuthamanga makilomita 300 pa sekondi, indakitansi imasintha pa mlingo wofanana ndi ma ohm 1.2. Karenti yonse ya ma ampea 1 miliyoni itati idutse pamenepo, pangafunike mavoti 1.2 miliyoni. Voteji imeneyi imaonekera pa mpata wa pakati pa kathodi ndi anodi, womwe pafupi ndi lodi ndi wa mamilimita ochepa chabe, ndipo imabwera pa nthawi imene tikufuna karenti kwambiri.

Mpata wotere umapirira bwanji? Mphamvu ya magetsi pa kathodi ikapitirira mavoti pafupifupi 250,000 pa sentimita, chitsulocho chimayamba kulavula maelekitironi. Chimene chimawaletsa kuwoloka ndi maginito a karenti yomweyo, omwe amawakhotetsa kuti abwerere n'kumayenda motsatira kathodi. Vakyumu payokha siteteza mpatawo, amateteza ndi maginito. Koma maginito amenewa satha kuletsa plazima yolemera yomwe imabadwa pa nkhope za zitsulo. Chitsulo chilichonse chimene chakhala pa mpweya chimakhala ndi chinyezi ndi mafuta okakamira pamwamba. Chikatenthedwa mwadzidzidzi ndi madigiri pafupifupi 400, kaya ndi karenti, kaya ndi maelekitironi ogunda anodi, kaya ndi kuwala kochokera ku lodi, zokakamirazo zimanyamuka n'kusanduka plazima yodzaza ndi haidrojeni. Plazima imeneyi imafutukuka sentimita imodzi kapena ziwiri pa maikorosekondi. Pa mananosekondi 200 ndiye kuti yayenda mamilimita awiri mpaka anayi. Mpata wa mamilimita ochepa watha pamenepo.

Ndinabwerera ku mizere yakale ya Rogowski, osayang'ananso nsonga koma zochitika pambuyo pake. Pa shoti yabwino karenti imaonetsa kachigwa kakuya pa nthawi imene plazima ikuwombana pakati, chifukwa makina akulimbana ndi voteji yobwerera ija. Pa mashoti ofooka kachigwako kanali kosaya, ndipo pa ena kanali kosaoneka n'komwe. Makina sankamva kuti lodi yawakaniza. Karenti inali itapeza njira yachidule isanafike pa plazima, ndipo Rogowski, pokhala kumbuyo kwa njirayo, inkaiwerenga yonse mokhulupirika.

Kuika B-dot pafupi ndi timawaya n'kovuta kuposa pa chitsulo. Kakoiloko kamagundidwa ndi x-ray ndi maelekitironi, kamawotchedwa, ndipo kawirikawiri kamafa plazima isanawombane. Tinaika tiwiri mbali zoyang'anizana, tozunguliridwa mosemphana, kuti chizindikiro chenicheni cha maginito chituluke ndi zizindikiro zotsutsana pamene phokoso limatuluka lofanana. Tinatibisa m'timabowo tokhala ndi chivindikiro chopyapyala. Zotsatira zake zinali zomveka. Kumayambiriro, pamene mitima ya timawaya ili pamalo pake, karenti ya pakati ndi ya kumbuyo zinkayendera limodzi. Silinda itangonyamuka, ya pakati inkasiya kukwera n'kuyamba kutsika, ya kumbuyo ikupitirirabe. Pa mashoti amene PCD inagawika pawiri, kusiyanako kunkayamba msanga.

Titamasula zitsulo za mpatawo n'kuziyang'ana pa kuwala kwabwino, mabala anali poyera. Mbali imodzi ya anodi inali ndi mizere yopserera ndi timaenje tosungunuka, mbali inayo inali yosalala. Poyeza ndi timapepala tachitsulo toyezera mipata, tinapeza kuti kathodi inali itapendekera mbali yopsererayo. Zitsulo zimenezi zimalandira nkhonya pa shoti iliyonse, ndipo mpando wa kathodi unali utadyeka pang'onopang'ono. Pa nkhope zake panali aluminiyamu wa mashoti am'mbuyo, wokakamira ngati makoko osalimba, womwe umasunga chinyezi kuposa chitsulo chosalala. Pafupi ndi mphira wotsekera vakyumu panali girisi yemwe anafalikira kumene sankayenera kufika. Kuwonjezera apo, chifukwa cha kuchuluka kwa ofuna makina, nthawi yopopa vakyumu inali itafupikitsidwa. Geji inkafika pa nambala yovomerezeka, koma geji imayeza mpweya woyandama m'chipinda. Chinyezi chokakamira pa chitsulo chimachoka mochedwa kuposa pamenepo.

Izi zinafotokozanso chifukwa chimene bolomita sinatsikire kwambiri. Kuwala kofewa kumatuluka nthawi yaitali, kuyambira pa plazima yotsogola mpaka pambuyo pa kuwombana, ndipo sikufuna kutentha kopambanitsa. K-shell imafuna mananosekondi omalizawo, pamene mtunda ndi wochepa ndipo maginito akukankha mwamphamvu kuposa nthawi ina iliyonse. Popeza kukankha kumatsata karenti kuchulukitsa ndi karenti yomweyo, kutaya gawo limodzi mwa magawo asanu a karenti kumachotsa kukankha kopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa makina aang'ono ngati athu, pomwe aluminiyamu amangofika movutikira pa kutentha kwa K-shell, kuchepa kotere n'kokwanira kuzimitsa mizereyo.

Zimene tinasintha ndi zotsatira

Mpando wa kathodi unapangidwanso, ndipo tsopano tili ndi chida choimikira chomwe chimatsimikiza kuti mpata ndi wofanana kuzungulira konse. Timayeza mbali zinayi lodi isanaikidwe. Mpatawo tinaukulitsa pang'ono, ndipo apa panali mkangano woyenera. Mpata waukulu umawonjezera indakitansi, ndipo pa karenti yokwera ma ampea 1 miliyoni m'mananosekondi 100, ma nanohenry 10 alionse amadya mavoti 100,000. Kukulitsa mpata kumatsitsa nsonga ya karenti. Ine ndinaima pa mfundo yakuti karenti yocheperako yomwe imafika pa plazima mpaka kumapeto ndi yaphindu kuposa yambiri yothera panjira, ndipo tinagwirizana kukulitsa pokhapo pamene panali mabala. Tinaikanso kamlomo kachitsulo kotchinga kuti kuwala kochokera ku timawaya kusaone mwachindunji mkati mwa mpata.

Kutsuka kunakhala gawo la shoti, osatinso ntchito yochita nthawi ikapezeka. Zitsulo zimakwechedwa mpaka aluminiyamu yense atachoka, kutsukidwa ndi isopropanol, kupukutidwa ndi nsalu yosasiya ulusi, ndipo sizikhudzidwanso ndi dzanja lopanda golovesi. Nthawi yopopa inabwezeredwa pa utali wake. Zimenezi zikutanthauza mashoti ochepa pa tsiku, ndipo ophunzira odikira deta sanakondwe nazo poyamba. Chinthu chimodzi sindinalole kuti chifupikitsidwe pofuna kubweza nthawiyo: munthu asanalowetse dzanja m'makina, makapasita amakhuthulidwa ndipo ndodo yolumikiza ku nthaka imapachikidwa pamalo pake. Kapasita yaikulu imatha kubwezanso voteji yokha itakhuthulidwa kale, ndipo voteji imeneyo imapha.

Zitatero, B-dot za pakati zinayamba kutsatira Rogowski mpaka pafupi ndi kuwombana. Kachigwa ka karenti kanabwerera kakuya. PCD inapereka nsonga imodzi yakuthwa, ndipo mashoti otsatizana anayamba kufanana. Pa sipekitiromita ya kristalo, chida china chomwe chimalekanitsa x-ray malinga ndi mphamvu yake, mzere wa 1.7 keV, wa maayoni otsala ndi elekitironi imodzi, unalimba poyerekeza ndi wa 1.6 keV, chomwe ndi chizindikiro chakuti maelekitironi a plazima atentha kwambiri kuposa kale. Kwa ine umenewu ndiye unali umboni wolimba, chifukwa kuyerekeza mizere iwiri ya pa chithunzi chimodzi sikudalira kwambiri mphamvu ya choyezera.

Vuto lomweli pa makina aakulu

Kutayika kwa karenti m'vakyumu si matenda a makina aang'ono okha. Pa Z mizere inayi ya vakyumu imaphatikizidwa kukhala umodzi pa malo otchedwa convolute, pomwe nsanamira za anodi zimadutsa m'mabowo a kathodi. Pa malo amenewa pali timadera tomwe maginito amatheratu, ndiye maelekitironi amawoloka mosavuta. Pa malodi a indakitansi yaikulu, ma ampea mamiliyoni angapo amatha kusowa pamenepo, ndipo kuyeza kuwala kwa plazima ya m'mipatayo kunaonetsa haidrojeni, mwana wa chinyezi chomwe chija.

N'chifukwa chake ndimaona kuti ntchito yotsuka zitsulo ndi yoyeza mipata iyenera kulemekezedwa monga zotsatira zotchuka zimene zimadalira pa iyo. Mu 2006 Malcolm Haines wa ku Imperial College ndi anzake a ku Sandia analengeza kuti maayoni a plazima ya timawaya ta chitsulo chosachita dzimbiri pa Z anapitirira madigiri 2 biliyoni, pamene pakati pa dzuwa pali madigiri pafupifupi 15 miliyoni. Panali mtsutso pa nambala imeneyi, chifukwa inachokera pa kutambasuka kwa mizere ya x-ray, ndipo mizere imatambasukanso plazima ikamawinduka ndi kuthamanga m'magulu, osati ndi kutentha kokha. Mu 2015 gulu la Jim Bailey linagwiritsa ntchito x-ray ya Z kutenthetsa chitsulo cha ayironi kufika madigiri pafupifupi 2 miliyoni, n'kupeza kuti chimatchinga kuwala kuposa mmene masamu a akatswiri a dzuwa ankanenera. Njira ya MagLIF, imene Stephen Slutz ndi anzake anaifotokoza mu 2010, imafinya kachitini ka beryllium kodzaza gasi wa deuterium yemwe watenthetsedwa ndi leza ndi kuikidwa m'maginito a ma tesla 10 kapena kuposerapo, pofuna kuyatsa fusion, kuphatikizana kwa mitima ya maatomu komwe kumatulutsa mphamvu. Kachitiniko ndi kakang'ono, indakitansi yake ndi yaikulu, ndipo ampea iliyonse yotayika m'njira imachepetsa zotuluka. Tisaiwalenso kuti ntchito yaikulu ya Z ndi ya boma la America yoyang'anira zida zake za nyukiliya popanda kuziphulitsa, popeza linasiya kuyesa kotere mu 1992. Aliyense wolowa m'ntchitoyi ayenera kudziwa kumene ndalama zambiri za sayansi imeneyi zimachokera.

Zimene zatsala

Kamera ikuonetsabe madontho owala motsatira msinkhu wa plazima. Amenewa sachokera ku mpata wa vakyumu. Timawaya ta aluminiyamu timatha modumphadumpha, pa mitunda ya pafupifupi theka la milimita, ndipo plazima yolemera ikamakankhidwa ndi maginito opanda kulemera, kusalingana kulikonse kumakula. Kumeneku ndi kusakhazikika kwa Rayleigh-Taylor. Mbali zina zimafika pakati msanga, zina zimatsalira kumbuyo, ndipo zotsalirazo zimatenga gawo la karenti n'kulisunga kutali ndi pakati. B-dot yathu singaone kutayika kwa mtundu umenewu, chifukwa karentiyo yafika ndithu pa lodi, kungoti ikuyenda pa mtunda wolakwika.

Pa mashoti akubwerawa tichulukitsa timawaya n'kutichepetsa kunenepa, kuti kulemera konse kukhale chimodzimodzi koma mipata ya pakati pake ichepe, ndipo tisintha kulemerako pang'onopang'ono kuti kuwombana kugwere pafupi ndi nsonga ya karenti. B-dot za pakati zikhala pa shoti iliyonse, ngakhale zimafa kawirikawiri, ndipo muyeso wa mpata mbali zinayi uzilembedwa m'buku la mashoti pamodzi ndi nthawi imene vakyumu yapopedwa.